Turbo ndiifikitse pati? Yankho kwa achimwene ofuna kuwonjezera mphamvu ya galimoto

Funso lachokera kwa achimwene ena amene ali ndi galimoto ya petulo ya 2.0 turbo, ya manual, yokoka ndi matayala akutsogolo. Anaigula yoyendapo kale ndipo pano yadutsa makilomita 140,000. Ndi yomweyo yopitira kuntchito, ndi yomweyo yonyamulira banja. Akuti anzawo ena akuwauza kuti angopanga remap basi, kutanthauza kusintha pulogalamu ya mu kompyuta ya injini, ena akuti ayi osataya nthawi, ikani turbo yaikulu kamodzinkamodzi. Ndiye akufunsa kuti ndifike pati ndipo ndilekere pati kuti galimoto ikhale ndi mphamvu koma isandifere mmanja?

Achimwene, mwachita bwino kufunsa za polekera musanamasule bawuti ngakhale imodzi, anthu ambiri amadzafunsa funso limeneli galimoto ili kale pa jeke, injini ili pansi, ndalama zitatha. Ndikuuzeni maganizo anga poyamba pomwe. Galimoto imene mukuidalira tsiku ndi tsiku, lekerani pamene turbo ya kufakitale ikadali pamalo pake ndipo injini simunaitsegule mkati. Remap yofatsa, intercooler yabwino yoziziritsa mpweya wolowa mu injini, klatchi yolimba ikafunika, matayala ndi mabuleki, basi. Mukadutsa pamenepo ndiye kuti mwayamba kumanga galimoto ina, ndipo galimoto yomangidwa chonchi siyenera kukhala yokhayo pakhomo.

Turbo imayendera utsi umene injini yataya. Utsi uja potuluka umazunguza kagudumu ka mapiko, kagudumuko kali pa kachitsulo kamodzi ndi kanzake mbali inayo, ndiye kanzakeko nkamene kamakoka mpweya nkuukanikizira mu injini. Kamazungulira moopsa, kupitilira 100,000 pa mphindi imodzi, ma turbo ang'onoang'ono amafika mpaka cha mma 200,000. Mpweya ukalowa wambiri kompyuta imathira mafuta ambiri, moto mu silinda umakula, mphamvu nkukwera. Kukanikiza kumeneku ndi kuja timati boost, ena amayeza mu bar ena mu psi, 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi. Ndipo pali kachitseko kotchedwa wastegate kamene kamapatutsa utsi wina kuti usadutse mu turbo boost ikakwana, kompyuta ndi imene imakalamula nthawi yotseguka. Ndiye mwaona chifukwa chake galimoto ya turbo imakopa? Wa remap sagwira sipanala, amangouza kompyuta kuti kachitseko kachedwe kutseguka, mafuta awonjezeke, moto wa mapulagi usinthe nthawi, mukutuluka mu galaja galimoto ili ina. Pa injini yopanda turbo zimenezi sizitheka, mungasinthe ekizozi ndi fyuluta mphamvu yake nkungosuntha pang'ono.

Koma mphamvu imeneyi simachokera kumwamba. Opanga galimoto anaisiya dala. Iwo amadziwa kuti galimoto yomweyo ikagulidwa ndi munthu wothira petulo wabwino komanso wothira wachabe, ikayenda kozizira ndi kotentha, wina adzachedwa kusintha oyilo, wina adzakoka ngolo pa chitunda masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye amasiya mpata woti injini ipirire zonsezo. Mpata umenewu uli ngati ndalama zimene munthu wasungira tsiku la matenda. Remap imatapa mmenemo. Kutapako pang'ono palibe vuto, koma mukatapa zonse, tsiku limene mudzathire petulo woipa kapena pampu ya mafuta idzafooke, palibenso chokutchingirani.

Mayina aja a Stage 1, Stage 2, Stage 3 musawatenge ngati lamulo, palibe bungwe linawakhazikitsa, kampani iliyonse imatchula mmene ikufunira. Kawirikawiri Stage 1 ndi remap yokha pa galimoto yosasintha zitsulo, Stage 2 ndi remap yamphamvu pamodzi ndi downpipe (paipi yotulutsa utsi kuchokera ku turbo), intercooler ndi intake (njira yolowera mpweya), Stage 3 ndi turbo ina ndi zonse zotsatira pambuyo pake. Ndiye munthu akakuuzani kuti ndikuikirani Stage 2, mufunseni kuti boost ifika pati, torque (mphamvu yopotokola ya injini) ifika pati, wailembera petulo wa octane wanji, ndiye kuti wopirira motani asanaphulike yekha. Akamazungulira osayankha, nyamukani.

Tsopano pa makilomita 140,000 chinthu choyamba si mphamvu ayi, ndi thanzi la injini. Remap sichiza matenda, imangowafulumizitsa. Pangitsani compression test, kuyeza mmene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya, masilinda onse akhale ofanana kapena oyandikana, imodzi ikatsalira kwambiri pangani leak-down test mumve kumene mpweya ukuthawira, kaya mma valavu kaya mma ring'i. Yezani mapaipi a boost ngati sakutaya mpweya, paipi yong'ambika pang'ono imachititsa turbo kuthamanga mopyola kuti ikwanitse boost imene kompyuta ikupempha ndipo inu simudziwa. Onani timing belt kapena tcheni, water pump, thermostat, ma coil, mapulagi. Chotsani paipi yolowera ku turbo mugwire kachitsulo ka pakati ndi zala, kakamagwedera kutsogolo ndi kumbuyo kapena mapiko akukhula mmbali, turbo imeneyo yatopa kale. Ngati injini yanu ndi ya direct injection, yopopera petulo mu silinda mwenimweni, ma valavu olowetsa mpweya amakhala atamata mwaye chifukwa petulo sawatsuka, pa makilomita amenewa ndi bwino kuwaona. Galimoto imene ikudya oyilo, ikutenthetsa pa chitunda, kapena ikuyatsa check engine, isayandikire kompyuta ya wa remap kufikira itachira. Ndipo musadabwe, nthawi zambiri munthu akangokonza zimenezi amapeza kuti mphamvu ina imene amaifuna inali yake kale, inangotayika ndi ukalamba.

Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa chimene chimapha injini za petulo za turbo kuposa china chilichonse ndi knock. Mu silinda yabwinobwino pulagi imayatsa, moto nkuyenda mwadongosolo kuchokera pakati kupita mmbali ukukankha pisitoni. Koma mpweya ukatentha kwambiri ndi kupanikizika kwambiri, mafuta otsala mmbali amaphulika okha moto usanawafikire, ndiye mmalo mokankhidwa pisitoni imamenyedwa. Nthawi zina mumamva ngati timiyala tikugwedera mu chitini, koma pa liwiro, ekizozi ikulira, wailesi ili pamwamba, simumva kanthu. Mukadzatsegula injini yotero nkuigwira pisitoni mmanja mudzaona zimenezi: pamwamba pake pali timaenje ngati padyedwa ndi mchenga, ndipo kampanda kopyapyala ka pakati pa ring'i yoyamba ndi yachiwiri kathetheka, mukakakhudza ndi chikhadabo kachidutswa nkugwa. Kampanda kameneko ndi ringland, ndipo eni ma Subaru a injini ya EJ257 amalidziwa bwino dzinali. Kakasweka compression imathawa, oyilo amayamba kupsa, utsi wabuluu kumbuyo, injini yonse pansi.

Vutoli si lachilendo. Mu 1962 Oldsmobile Jetfire, imodzi mwa galimoto zoyamba kugulitsidwa ndi turbo, inali ndi compression yokwera ndipo inalibe intercooler, ndiye opanga anaika kathanki ka madzi osakaniza ndi methanol kuti azipopera mu injini poletsa knock yomweyi. Eni ake ankaiwala kudzaza, madandaulo anachuluka, galimotoyo sinakhalitse pamsika. Masiku ano kuli knock sensor, imamva kugundako nkuuza kompyuta kuti ibweze mmbuyo timing, nthawi imene pulagi imayatsa, koma nayo ili ndi malire ake, ndipo pali a remap ena osaopa Mulungu amene amaifooketsa dala kuti nambala ioneke yaikulu pa pepala. Munthu wotero akukuberani injini.

Ndiye polekera panu poyamba pakulamulidwa ndi petulo amene mungampeze nthawi zonse, osati wabwino amene mumampeza mwa apo ndi apo. Octane ndi muyezo wa mmene petulo amapiririra asanaphulike yekha. Fayilo ya remap yolembedwera petulo wa octane 98 (RON 98) mukaiyendetsa pa petulo wa octane yotsika, tsiku lotentha, galimoto yodzaza anthu pa chitunda, mwaitana tsoka. Muuzeni wa remap kuti alembere petulo wotsikitsitsa amene mumathira. Mutaya mahatchi angapo (horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini), inde, koma mahatchi amenewo simukanawamva nkomwe, pamene kusweka kwa pisitoni mudzakumva mthumba chaka chonse.

Pali kanthu kena ka injini zatsopano za direct injection kotchedwa LSPI, mafuta amayaka okha pulagi isanayatse nkomwe, ndipo zimachitika injini ikuzungulira pang'onopang'ono koma mwaponda mafuta mpaka pansi, monga giya 6 pa 1,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) mukufuna kupitilira lole. Kamodzi kokha kakhoza kuswa pisitoni. Nchifukwa chake kunabwera oyilo wa API SN Plus mu 2018 ndi API SP mu 2020, wopangidwa kuti achepetse zimenezi. Thirani oyilo woyenera muyezo wa galimoto yanu, ndipo chizolowezi chokhalira giya yapamwamba nkuponda mpaka pansi chisiyeni, tsitsani giya kaye.

Mafuta nawo ayenera kufika okwanira. Petulo amapsa bwinobwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta, koma pa boost yonse injini imafuna mafuta ochulukirapo, cha pa 11.5 mpaka 12, chifukwa owonjezerawo amaziziritsa mkati. Mukakweza boost koma ma injector opopera mafuta afika pamapeto pake kapena pampu yatopa, injini imalandira mpweya wambiri mafuta ochepa, kutentha kumakwera, pisitoni imasungunuka. Ambiri odziwa ntchito safuna kuti injector izigwira kupyola 80 kapena 85 peresenti ya nthawi yake. Pa Stage 1 yofatsa za kufakitale zimakwana nthawi zambiri ngati zili bwino, ndipo mau oti ngati zili bwino ndikuwanena molemera chifukwa pampu yanu yapopa makilomita 140,000.

Kenako kutentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, mpweya wotentha ndi wopepuka ndipo umaitana knock. Intercooler ntchito yake nkuuziziritsa usanalowe. Ya kufakitale inayezedwera boost ya kufakitale, mukakweza imakhuta kutentha msanga. Muyese nokha mukapanga remap, pamalo otetezeka, kukoka koyamba galimoto imaluma, kachiwiri yachepako, kachitatu mukudabwa kuti mphamvu ija yapita kuti. Kompyuta yaona mpweya watentha ndiye yabweza timing kudziteteza. Ine ndimaona intercooler yabwino kukhala chitsulo chanzeru kuposa zonse zimene mungagule, chifukwa chimawonjezera chitetezo cha injini mmalo mochotsa. Nambala pa pepala mwina sisintha kwambiri, koma mphamvu imene muli nayo imakhala yanu nthawi zonse, mmawa ndi masana omwe. Turbo ya kufakitale nayo ili ndi pamene imathera, mukaikakamiza kupyola pamenepo imangopereka mpweya wamoto, boost pa geji ikukwera koma galimoto siikuthamanga, ma bearing akutha. Kumalo okwera kumene mpweya ndi wopepuka turbo imazungulira kwambiri kuti ifike boost yomweyo, ndiye mpata wake umachepanso.

Anthu amakonda kukamba za mahatchi koma chimene chimathyola zitsulo ndi torque, mphamvu yopotokola ija imene imakukanikizirani ku mpando. Remap pa turbo yaing'ono imakweza torque kwambiri injini isanazungulire nkomwe, cha mma 2,000 mpaka 3,000 rpm, ndipo pamenepo mpamene ma con rod, zitsulo zogwira mapisitoni, amapindika ndi klatchi imagonja. Yanu ndi ya manual, ndiye yesani izi lero musanasinthe kanthu: pa msewu woongoka wopanda anthu ikani giya 4 kapena 5, rpm ili cha pa 2,500, pondani mafuta. Muvi wa rpm ukalumpha koma liwiro osakwera nawo, mwina nkumva kafungo kopserera, klatchi ikuterereka kale. Ngakhale isaterereke lero, klatchi ya makilomita amenewo muiwerengere mu bajeti, ndipo ngati muli ndi dual mass flywheel nayonso imathera limodzi. Musathamangire klatchi ya mipikisano ya zikhadabo zija, mu mzere wa magalimoto mwendo wamanzere udzalira ndipo ponyamuka galimoto izidzanjenjemera, pali zolimbirapo pang'ono zoyendera mtauni. Amene ali ndi automatic aone muyezo wa giyabokosi yawo, mwachitsanzo DSG ya magiya 7 ya klatchi zouma ya Volkswagen, DQ200, inapangidwira torque ya 250 Nm, ndiye kuithira torque yoposa pamenepo osaikonza nayo ndi kuitumiza kumanda. Wa remap wodziwa akhoza kuchepetsa torque pansi nkuisiya ikwere bwinobwino pamwamba, mupempheni zimenezo. Galimoto siiluma mwankhanza ponyamuka koma imakoka mosalala mpaka kumapeto, ndipo zitsulo zimakhala.

Za matayala ndi mabuleki ndinena mosabisa, izi zibwere remap isanabwere. Mphamvu zonse zimadutsa pa kachigamba ka labala kokula ngati chikhatho pa tayala lililonse, ndipo yanu ikukoka ndi akutsogolo omwenso akukhota. Mukaika mphamvu pa matayala otchipa kapena okalamba, giya 1 ndi 2 zimangopalasa, chiwongolero chikukokera mbali, pa mvula ndiye musanene. Mabuleki nawo, mphamvu yoti aimitse imakwera mofulumira kuposa liwiro, galimoto ya pa 140 km/h ili ndi pafupifupi kawiri ya imene ili pa 100 km/h, ndipo yonseyo imasanduka kutentha mma disiki. Galimoto yamphamvu imafika liwiro lalikulu pamtunda waufupi, ndiye mumafika pa kona muli pamwamba kuposa mmene munazolowera. Simukusowa ma caliper akuluakulu ofiira ayi, ma pad abwino, ma disiki osatha, ndi brake fluid watsopano wa DOT 4, chifukwa ameneyu amamwa chinyezi ndipo wokalamba amawira, pedulo nkulowa pansi nthawi imene mukuifuna kwambiri. Muzimusintha zaka ziwiri zilizonse. Muli ndi ana mmbuyomo achimwene, apa sindinyengerera.

Tsopano anzanu a turbo yaikulu aja. Sakunama kuti mphamvu ili kumeneko, koma sakukuuzani zonse. Taonani mmene opanga eni ake amachitira. Volkswagen Golf 7 GTI ya 2013 inatuluka ndi mahatchi 220 (220 PS) ndi torque ya 350 Nm, Golf R ya mbadwo womwewo 300 PS ndi 380 Nm, zonse injini ya 2.0 ya banja la EA888. Kuti awonjezere 80 PS amenewo sanangoika turbo yaikulu ya IS38 mmalo mwa IS20 nkusiya pomwepo, anasinthanso mapisitoni, cylinder head, ma valavu a utsi ndi masipuling'i ake, ma injector, kenako galimoto yonse anaipanga yokoka ndi matayala anayi. Amenewo ndi anthu okhala ndi mainjiniya ndi malo oyesera, ndipo anaona kuti turbo yokha siikwana. Ndiye munthu akamati ingoika turbo basi, ndimafuna ndimufunse kuti nanga zinazo agula ndani.

Chifukwa turbo yaikulu imabwera ndi abale ake. Ikufuna ma injector akulu, pampu yaikulu, intercooler yaikulu, ekizozi yotakata, klatchi, ma mounting olimba, nthawi zina oil cooler ndi rediyeta, tune yolembedwera galimoto yanuyo pa dyno, makina oyezera mphamvu, osati fayilo yogula yokonzeka, ndipo mukafika pamene ma rod ndi mapisitoni a kufakitale sangapirire muyenera kutsegula injini kuika zosulidwa zolimba, za forged, ndipo mukatero mwalowa mmanja mwa womanga injini, akalakwitsa muyezo pang'ono zonse zapita, kenako ma driveshaft ayamba kuthyoka, kenako mukufuna limited slip diff chifukwa tayala limodzi likungozungulira lokha, chinthu chimodzi chikukokera chinzake osatha. Mtengo wa turbo yeniyeniyo umakhala gawo laling'ono la zonse. Mu magalaja ambiri mumapezeka galimoto zofunditsidwa pulasitiki, fumbi lili tho, eni ake anagula turbo ndalama nkuthera panjira.

Ndipo ikatha kumangidwa, mwina simungaikonde. Turbo yaikulu imachedwa kudzuka chifukwa imafuna utsi wambiri kuti izungulire. Ya kufakitale yanu imakoka kuyambira pansi, mukangoponda yayankha, ndipo kuyenda kwanu konse kwa tsiku ndi tsiku kuli pamenepo, pakati pa 1,500 ndi 4,000 rpm. Yaikulu pamenepo imakhala ili mtulo, galimoto ikuyenda ngati yofooka kuposa kale, kenako mwadzidzidzi yadzuka matayala akupalasa. Pa bwalo la mpikisano ndi zokoma, popita kuntchito ndi zotopetsa. Ngati cholinga ndi top speed, dziwaninso kuti mphepo imakana kwambiri liwiro likamakwera, mukawirikiza mphamvu kawiri liwiro lomaliza limangokwera ndi gawo limodzi mwa anayi, ndipo liwiro limenelo palibe msewu wa anthu umene mungaliyesere popanda kuika moyo wa wina pachiswe.

Sindikunena kuti kumanga galimoto yamphamvu ndi tchimo. Ine ndimazikonda, ntchito yabwino ya mtundu umenewu imasangalatsa mtima. Pali injini zimene zinabadwa zolimba, monga 2JZ-GTE ya Toyota Supra ya 1993 ya buloko yachitsulo, imene anthu amaikweza patali osaitsegula, koma mbiri ya injini imeneyo si mbiri ya injini iliyonse. Njira imeneyi ndi ya munthu amene ali ndi galimoto ina yoyendera, ali ndi ndalama yomalizira ntchito ndi inanso yomangira injini kachiwiri ikasweka, ndipo ali ndi bwalo lokaithamangitsira. Mwa zimene mwalemba, pano simuli pamenepo.

Nanga Stage 2, poti ili pakati? Apa ndimasankha. Intercooler ndavomereza kale. Downpipe imathandiza turbo kupuma ndipo imachepetsa kutentha kumbuyo kwake, koma zambiri zotchipa zimachotseratu catalytic converter (cat), chitsulo choyeretsa utsi, ndipo zimenezo mmaiko ambiri nzoletsedwa pamsewu, galimoto imanunkha, check engine imayaka, ndipo utsi umenewo akupuma ndi anthu oyenda pansi ndi ana anu omwe mukaima pa mzere. Ngati mukuifunadi, gulani yokhala ndi cat yotakata, apo ayi isiyeni, phindu lake pa galimoto yoyendera silikwana mavuto ake. Ma intake otsegula amene amakoka mpweya wotentha wa mu boneti amangowonjezera phokoso. Zophulitsa ekizozi zija za pops and bangs ndimakana poyera, amachedwetsa moto dala kuti mafuta akapsere mu ekizozi, ndiye mukuotcha turbo, ma valavu ndi cat popanda mphamvu iliyonse yobwerapo. Chimodzimodzi kuzula kapaipi ka wastegate kapena kuika ka boost controller kopotokola ndi dzanja kompyuta isakudziwa, imeneyo ndi njira yachidule yopitira ku injini yatsopano.

A dizilo amene mukuwerenga, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono, mdani wanu si knock koma kutentha kwa utsi ndi torque. Utsi wakuda tolotolo si mphamvu, ndi dizilo wosapsa, ndipo remap yotero imatseka DPF, fyuluta yosefa mwaye mu ekizozi, ndi kuphika turbo makamaka mukamakoka katundu pa chitunda.

Munthu wogwira kompyuta ya galimoto yanu musankheni ngati mmene mungasankhire wotsegula injini. Wabwino amayamba wayeza galimoto isanasinthidwe, amasunga fayilo yoyambirira nkukupatsani, ndipo akatha amakhala nanu pa laputopu kuona log, zimene kompyuta yalemba galimoto ikuyenda. Mufunseni akuonetseni mizere inayi: boost imene kompyuta yapempha ndi imene yafikadi ngati zikuyendera limodzi, mafuta ndi mpweya, kutentha kwa mpweya wolowa, ndi timing ya silinda iliyonse. Pa mzere wa timing muyang'anitsitse, mukaona silinda ina ikubwezedwa madigiri angapo nthawi iliyonse akakoka, ndiye kuti knock sensor ikukuwa, fayiloyo yapyola petulo wanu ndipo ayenera kutsitsa. Amene amangolumikiza chingwe, mphindi zochepa nkuti zatheka, osayesa osafunsa za petulo, wangokopera fayilo ya galimoto ya munthu wina. Ndipo amene akulonjeza nambala yaikulu kuposa anzake onse pa zitsulo zomwezo, mphamvu yowonjezerayo waitapa mu mpata wanu wa chitetezo, palibe kwina.

Za mapepala mwachangu. Galimoto imene ikadali pa warranty, opanga ambiri amatha kuona kuti kompyuta inakhudzidwa ngakhale mutabwezera fayilo yakale, ndipo akhoza kukana kulipira injini kapena giyabokosi. Yanu mwina inadutsa kale zimenezo, koma inshulansi auzeni, chifukwa akadzazindukira okha pambuyo pa ngozi akhoza kukana kulipira.

Mukapanga remap moyo wa galimoto umasintha ndipo nanunso musinthe. Oyilo muzisintha msanga kuposa mmene buku likunenera ndipo muziona mulingo wake pafupipafupi. Mapulagi amatha msanga, ena amafuna ozizirirapo ndi mpata wocheperako kuti moto usazime pa boost, wa remap akuuzeni oyenera. Mmawa musaiponde oyilo asanatenthe, muvi wa madzi umafika pakati msanga koma oyilo amatsalira mmbuyo. Mukachoka kothamanga kapena pa chitunda chachitali musangofika nkuzimitsa, makilomita omaliza yendani mofatsa kuti turbo izizire oyilo akuyendabe, apo ayi amapserera mma bearing. Mafuta idya molingana ndi phazi lanu, ndipo masabata oyamba phazilo limalemera, konzekerani.

Ndiye dongosolo lanu likhale lotere achimwene. Mwezi uno yezani injini ndi kukonza chilichonse chimene chapezeka. Kenako matayala, ma pad ndi brake fluid, muyende nayo choncho kaye, mumve mmene yasinthira. Ndalama ya klatchi ikakhala pambali, ndiye pitani ku remap, yolembedwera petulo wanu, torque ya pansi yochepetsedwa, log muione ndi maso anu. Intercooler ibwere nthawi yomweyo kapena log ikangoonetsa kuti mpweya ukutentha. Mukatero imani, miyezi ingapo osagula kanthu, idutse nyengo yotentha, ikwere zitunda itanyamula banja. Kagulani ka OBD kotchipa, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto kolumikiza ku foni, muzionako kutentha ndi timing nthawi ndi nthawi. Mukaona madzi akuchepa mu thanki popanda podontha, oyilo wayamba kutha msanga, injini ikudukiza mukaponda kwambiri, kapena utsi wabuluu poyatsa, bwezeretsani fayilo yoyambirira tsiku lomwelo ndipo mupangitsenso compression test musanaipondenso.